Dzuwa ndi Mankhwala Zikakumana Pakhungu: Zoyenera ndi Zosayenera kwa Anthu a M'mbali mwa Nyanja ku Mangochi

Moyo wa ku Mangochi ndi wa padzuwa. Msodzi akakocheza m'bandakucha amakhalabe pamchenga mpaka masana. Mayi wa ku Msaka kapena ku Malembo amaswera akutembenuza usipa pathandala. Wakabaza amawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kangapo dzuwa lili paliwombo. Dzuwali ndi limene limaumitsa nsomba, ndipo palibe angauze anthu a kuno kuti alithawe. Koma pali mankhwala ndi zinthu zina zimene pazokha thupi limatha kuzipirira, pamene zikakumana ndi dzuwa pakhungu zimasanduka poizoni wofika mpaka pa DNA. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti ziwirizi zisakumane, popanda kusiya mankhwala ofunika kapena ntchito imene imatidyetsa.

Chimene chimachitika m'khungu

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Cheza cha UVB chimathera pamwamba pa khungu ndipo ndi chimene chimawaula. Cheza cha UVA chimalowa mkati kwambiri, chimadutsa mitambo yopyapyala ngakhalenso galasi la pazenera. M'selo lililonse la khungu muli DNA, imene imasunga malangizo a momwe selolo likulire, ligawikanire ndi kufa nthawi yake ikakwana.

Mankhwala ena amamwa mphamvu ya cheza chimenechi. Akatero, ena amapatsira mphamvuyo mpweya wa okosijeni umene uli m'selo, ndipo okosijeniyo amayamba kuwononga DNA, makamaka kachigawo kake kotchedwa guanine. Ena amalowa pakati pa tizingwe tiwiri ta DNA, ndiye dzuwa likawagunda amatimatirira pamodzi kotero kuti selo silingawerenge bwino malangizo ake. Thupi lili ndi njira zokonzera zowonongekazi, monga momwe asodzi amasokera ukonde wong'ambika tsiku ndi tsiku. Koma ukonde ukamang'ambika msanga kuposa momwe ukusokedwera, mabowo ena amatsala. Selo lokhala ndi DNA yolakwika likhoza kuyamba kuchulukana mosalamulirika, ndipo patapita zaka khumi kapena makumi awiri pamabuka khansa. Chakudza sichiimba ng'oma.

Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri amene amatchinga gawo lalikulu la cheza, ndiye chiopsezo cha ambiri a ife n'chochepa poyerekeza ndi cha azungu. Koma sichofanana kwa tonse. Chimakula kwambiri kwa anthu achialubino, kwa amene akuyeretsa khungu ndi mafuta, kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika, komanso pamalo pamene pali chipsera chakale.

1. Polandira mankhwala kuchipatala

*Zoyenera:* Funsani adokotala kapena wopereka mankhwala pawindo ngati mankhwala amene mwalandira amadana ndi dzuwa, ndipo auzeni ntchito imene mumagwira. Safunsa adadya phula. Ena mwa mankhwala odziwika pa khalidwe limeneli ndi doxycycline, amene amaperekedwa pa matenda opatsirana pogonana komanso amamwedwa ndi alendo ambiri obwera ku Cape Maclear podziteteza ku malungo, ciprofloxacin, Bactrim, amene anthu ambiri omwe ali ndi HIV amamwa tsiku lililonse, ndi griseofulvin wa zipere. M'gulu la ciprofloxacin muli mankhwala ena otchedwa lomefloxacin amene pa kafukufuku adayambitsa zotupa pakhungu la mbewa zimene zidaikidwa pa cheza cha UVA. Masiku amene mukumwa mankhwala otere, valani zophimba thupi ndipo ntchito ya padzuwa muigwire m'mawa kapena madzulo.

*Zosayenera:* Musasiye mankhwala panokha chifukwa chowerenga izi. Matenda amene akuchizidwa ndi oopsa lero lomwe, pamene vuto la dzuwa limapeweka ndi chipewa ndi malaya. Khungu likafiira, likayamba kunyerenyetsa kapena kutuluka matuza pamalo okhawo oonekera kudzuwa, monga kumaso, m'khosi, pamikono ndi pamwamba pa mapazi, bwererani kuchipatala. Koma zilonda zikatuluka m'kamwa kapena m'maso, kapena khungu likayamba kusupuka thupi lonse, musamwenso mbulu wina musanaonane ndi adokotala, ndipo pitani tsiku lomwelo.

2. Mankhwala a BP

*Zoyenera:* Dziwani dzina la mankhwala anu. Hydrochlorothiazide, amene ambiri timangoti HCT, ndi amodzi mwa mankhwala ofala kwambiri a matenda othamanga magazi m'zipatala zathu. Kafukufuku wa ku Denmark amene adatuluka mu 2017 ndi 2018 adaonetsa kuti anthu amene adamwa mankhwalawa kwa zaka zambiri ankadwala khansa ya pamlomo ndi ya pakhungu kuposa anzawo. Mu 2024 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yoona za khansa, lidaika HCT m'gulu la zinthu zimene zimatha kuyambitsa khansa mwa anthu, ndipo njira yake ndi yomweyi ya kukumana ndi cheza cha dzuwa. Ngati ndinu wachialubino, kapena mudadwalapo khansa ya pakhungu, kambiranani ndi adokotala kuti aone ngati angakupatseni mtundu wina, pakuti mankhwala a BP alipo angapo.

*Zosayenera:* Musataye mibulu ya HCT, ndipo musaopseze agogo anu kuti aisiye. Umboni wambiri udachokera kwa anthu a khungu loyera. Kwa munthu wa khungu lakuda, ngozi ya sitiroko chifukwa chosiya mankhwala ndi yaikulu kutalitali kuposa ngozi ya khansa ya pakhungu. Kusintha mankhwala ndi ntchito ya adokotala.

3. Mafuta oyeretsa khungu

*Zoyenera:* Werengani zimene zalembedwa pabotolo musanagule. Mukaona mawu akuti hydroquinone, clobetasol, betamethasone kapena mercury, dziwani kuti si mafuta odzola wamba. Hydroquinone amaletsa khungu kupanga melanin, ndiye kuti amachotsa chitetezo chimene mudabadwa nacho pamalo pamene dzuwa ndi laukali. Clobetasol ndi betamethasone amapyapyalitsa khungu ndi kufooketsa chitetezo chake. Mercury amawononga impso ndi ubongo, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. Mu 1975 madokotala a ku South Africa adafotokoza za amayi amene nkhope zawo zidada bii m'masaya ndi pamphumi atadzola hydroquinone kwa zaka zingapo, ndipo kudako kunkachitika pamalo owombedwa ndi dzuwa. Dzikolo lidaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola mu 1990. Madokotala a ku Dakar, ku Senegal, adalembaponso za khansa ya pakhungu mwa amayi amene adayeretsa khungu kwa zaka zambiri. Ngati mwakhala mukudzola mafuta otere nthawi yaitali, pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.

*Zosayenera:* Musagule mafuta osakaniza a m'timabotolo topanda dzina, ngakhale wogulitsa alumbire kuti achokera ku Joni. Musadzole mwana. Musaseke mayi kapena mtsikana amene khungu lake lawonongeka, pakuti ambiri adalowa m'zimenezi chifukwa cha mawu a anthu omwe amayamikira kuyera. Abambo amene mumatumiza katundu kuchokera ku South Africa, mafuta amenewa asakhale mphatso yanu kwa akazi anu kapena alongo anu.

4. Mandimu ndi zitsamba zopaka

*Zoyenera:* Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza kufinya mandimu, makamaka ang'onoang'ono obiriwira aja, musanabwerere padzuwa. Izi zikukhudza kwambiri achinyamata ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Chembe, ku Nkope ndi ku Makawa, amene amafinyira mandimu m'zakumwa ndi pansomba yowotcha panja. M'khungu la zipatso zimenezi muli mankhwala achilengedwe a gulu la psoralen, omwe ndi chitsanzo chodziwika kwambiri cha mankhwala omata tizingwe ta DNA akagundidwa ndi UVA. Mphamvu yawo idadziwika kalekale ku Egypt ndi ku India, kumene ankapaka zitsamba zokhala ndi psoralen pazigamba zoyera za pakhungu n'kumuika wodwala padzuwa. Mu 1974 madokotala a ku Boston, ku America, adayamba kuchiza nthenda ya psoriasis pogwiritsa ntchito psoralen ndi nyale za UVA. Mankhwalawo ankagwira ntchito, koma atatsatira odwala 1,380 kwa zaka zambiri adapeza kuti amene adalandira chithandizochi kambirimbiri ankadwala khansa ya pakhungu mochuluka.

*Zosayenera:* Musapake madzi a mandimu kumaso pofuna kuchotsa ziphuphu kapena madontho akuda, kenaka n'kupita kumsika kapena kukachapa kunyanja. Zotsatira zake ndi matuza amene amatuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri, n'kusiya zipsera zakuda zimene zimakhala miyezi. Musaganize kuti chilichonse chochokera kumtengo n'chofatsa. Kudya mandimu kapena kumwera m'tiyi kulibe vuto limeneli.

5. Oyilo wakutha, phula ndi mwaye

*Zoyenera:* Mukakonza injini ya boti kapena ya njinga yamoto, mukamata phula pamatabwa a boti, kapena mukagwira mitengo yonyikidwa m'mankhwala akuda oletsa chiswe, sambani ndi sopo musanakhale padzuwa. Valani magolovesi ngati alipo, ndipo khalani ndi zovala zapadera za ntchitoyo. Mu oyilo wakutha, m'phula ndi m'mwaye muli mankhwala a gulu lotchedwa PAH, ndipo lodziwika kwambiri ndi benzo[a]pyrene. Mbiri yawo ndi yakale. Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, adazindikira kuti amuna amene ankasesa mwaye m'machumuni kuyambira ali ana ankadwala khansa ya kumaliseche. Mankhwalawa ndi oopsa ngakhale mumdima, koma amamwa kwambiri cheza cha UVA, ndipo akatero amawononga maselo ngakhale atakhala ochepa.

*Zosayenera:* Musapake oyilo wakutha pazipere, pamphere kapena pachilonda, kaya cha munthu kaya cha chiweto. Musasambe m'manja ndi petulo kapena parafini, chifukwa zimachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu n'kutsegulira njira mankhwala oipawo. Musasunge kansanza konyowa oyilo m'thumba la kabudula kapena la ovolosi.

6. Powamba nsomba

*Zoyenera:* Wambirani pamalo podutsa mphepo, ndipo imani kumbali imene utsi sukupita. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma. Mauvuni amakono, monga Chitofu 3-in-1 chimene chayamba kupezeka m'madoko ena, amadya nkhuni zochepa ndipo amachepetsa utsi wofika kwa wowamba. Mukamaliza kuwamba mcheni, mlamba kapena kampango, sambani kumaso, m'khosi ndi m'mikono musanapite kukayanika usipa.

*Zosayenera:* Musasonkhere moto ndi mapulasitiki, zidutswa za matayala kapena matabwa akale a boti amene ali ndi penti ndi phula. Utsi wake umakhala pakhungu lanu komanso umalowa m'nsomba imene anthu akadye ku Limbe ndi ku Lilongwe. Musabereke mwana kumbuyo mukamawamba.

7. Nyanja nayonso

*Zoyenera:* Sungani oyilo wakutha m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi madzi. Makomiti a m'madoko, ma BVC, aike malo amodzi osinthirapo oyilo kumtunda. Madzi a nyanja ya Malawi ndi oyera, ndipo cheza cha dzuwa chimalowa pansi ndithu. Mazira a nsomba ndi tiana tongoswedwa kumene timakhala ndi matupi oonekera mkati, opanda chotchinga. Kafukufuku amene adachitika mafuta atatayika m'nyanja ku Alaska mu 1989 ndi ku Gulf of Mexico mu 2010 adaonetsa kuti tiana ta nsomba timene tamwa PAH timafa kwambiri tikawombedwa ndi dzuwa kuposa tikakhala pamthunzi.

*Zosayenera:* Musatayire oyilo m'madzi kapena pamchenga, ndipo musatsukire injini m'bango. M'madzi osaya a m'mbali mwa nyanja, mu Shire ndi mu Malombe ndi momwe chambo chaching'ono chimakulira. Chambo chidachepa kale. Mbuna za ku Lake Malawi National Park, malo amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO idawazindikira mu 1984, ndi zimene zimakopa alendo. Kachigubu kamodzi ka oyilo kamaoneka kochepa, koma madoko ndi ambiri ndipo mainjini akuchuluka chaka ndi chaka.

8. Abale athu achialubino

*Zoyenera:* Apa ndi pamene nkhaniyi ikulemera kwambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. Khungu lawo lili ndi melanin wochepa kwambiri, ndiye dzuwa lokha limawononga DNA yawo tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala odana ndi dzuwa akawonjezekera, ngoziyo imakula. M'maiko ambiri a mu Africa khansa ya pakhungu imatenga anthu achialubino ambiri asanafike zaka 40. Imfa zimenezi n'zopeweka. Mwana ayambe kuvala chipewa cha mlomo waukulu kuzungulira mutu wonse, malaya a manja aatali ndi zofika m'mapazi kuyambira ali wakhanda. Adzole mafuta oteteza kudzuwa a SPF 50 amene alembedwanso kuti amatchinga UVA, kumaso, m'makutu, pamilomo, kumbuyo kwa khosi ndi pamanja, ndipo abwereze pakapita maola awiri kapena akatuluka thukuta. Funsani ku chipatala cha boma cha Mangochi, ku Monkey Bay kapena kuchipatala chaching'ono cha kwanuko za masiku oyeza khungu. Mabungwe a APAM ndi Standing Voice amagwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo pa nkhaniyi. Timadontho tokhakhala tikapezeka msanga, adokotala amatiwotcha ndi mankhwala ozizira kwambiri tisanasanduke khansa.

*Zosayenera:* Musatume mwana wachialubino kukaweta mbuzi, kukayanika nsomba kapena kukapalasa bwato masana. Aphunzitsi musamuletse chipewa ndi malaya aatali ponena kuti si yunifolomu, musamupatse chibalo cha padzuwa, ndipo musamuimike pabwalo nthawi yaitali. Musagulitse mafuta amene walandira, ndipo ena m'banjamo asawadzole ngati mafuta okongoletsa. A zaumoyo musalembe mankhwala kwa munthu wachialubino musanaganize za dzuwa limene akubwererako.

9. Chakudya chimene chimathandiza khungu kudzikonza

*Zoyenera:* Idyani nsomba, mtedza, nyemba, mazira ndi ndiwo zamasamba pamodzi ndi nsima. Maselo amafuna vitamini B3, wotchedwanso niacin, kuti akonze DNA yowonongeka. Akasowa, khungu limada ndi kukhakhala pamalo owombedwa ndi dzuwa, makamaka kuzungulira khosi ndi pamanja, munthu amatsegula m'mimba ndipo mutu umasokonezeka. Nthendayi ndi pellagra, ndipo Malawi amaidziwa. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala nthendayi m'misasa ya m'dziko muno mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Kuyambira mu 2017, pamene mankhwala a isoniazid oteteza ku TB adayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri omwe ali ndi HIV m'maboma ena, zipatala zidaonanso odwala pellagra akuchuluka, chifukwa mankhwalawa amasokoneza momwe thupi limapangira niacin.

*Zosayenera:* Musagulitse nsomba yonse n'kusiyira ana nsima ndi mchere. Musadalire ufa woyera wokha, pakuti kukonola ndi kuviika kumachotsa zambiri zofunika. Ngati mukumwa isoniazid, musaiwale kambulu ka vitamini B6 kamene mumalandira pamodzi, ndipo khungu likayamba kuda m'khosi musathamangire kunena kuti mwalodzedwa. Pellagra imachizika.

10. Kugula ndi kusunga mankhwala

*Zoyenera:* Landirani mankhwala kuchipatala kapena gulani m'sitolo ya mankhwala yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Asungeni m'kapepala kapena m'botolo lake, pamalo ozizira ndi amdima, pamene ana sangafike. Mabotolo ena amakhala a bulauni dala, kuti kuwala kusalowe.

*Zosayenera:* Musagule makapisozi oyalidwa pamphasa kumsika kapena oyenda nawo m'chikwama m'madoko. Mankhwala ambiri akakhala padzuwa ndi pakutentha amatha mphamvu, ndipo ena amasintha n'kukhala chinthu china. Wogulitsayo sangakuuzeni dzina lenileni la mankhwalawo, ndiye khungu likapsa adokotala amavutika kwambiri kuti apeze chayambitsa. Musaike mankhwala pazenera kapena kutsogolo kwa galimoto.

11. Nthawi ndi zovala

*Zoyenera:* Cheza cha UV chimakhala champhamvu kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Mukaona chithunzithunzi chanu chafupika kuposa msinkhu wanu, funani mthunzi. Mangani chisakasa pafupi ndi matandala ndi pamalo osokera maukonde. Nsalu yolukidwa mothithikana imateteza kuposa yopyapyala imene mukaiyang'anitsa kudzuwa mukuona kuwala. Mpango, chitenje ndi mkanjo, zimene anthu ambiri a kuno amavala kale, ndi chitetezo chabwino.

*Zosayenera:* Musanyengeke ndi mitambo kapena kuzizira kwa mwera mu Juni ndi Julayi. Mphepo imaziziritsa thupi koma siichotsa cheza. Musaiwale kuti mchenga ndi madzi zimabweza kuwala kuchokera pansi, kotero munthu wa m'bwato amawombedwa mbali ziwiri. Malaya onyowa sateteza bwino ngati ouma.

12. Zizindikiro

*Zoyenera:* Dziyang'aneni kamodzi pamwezi, ndipo wina akuoneni kumsana ndi kumbuyo kwa makutu. Pitani kuchipatala mukaona chilonda chimene chatha mwezi osapola, chipsera chakale cha moto chimene chatsegukanso, kachotupa kotuluka magazi kakangokhudzidwa, dontho lakuda limene likukula kuphazi kapena pansi pa chikhadabo, kapena kanthu koyera komera padiso pafupi ndi mbali yakuda. Khansa ya padiso yotereyi ndi yofala m'Malawi, makamaka kwa anthu omwe ali ndi HIV, ndipo dzuwa limathandizira. Tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa ndi mafuta amene mumadzola.

*Zosayenera:* Musadikire ululu, chifukwa khansa ya pakhungu imayamba yosapweteka. Musateme mphini pachotupa kapena kuthirapo madzi a batire. Akakutumizani ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, musazengereze. Chotupa chaching'ono chimachotsedwa pa opaleshoni yaifupi, koma chikalowa mkati chithandizo chimakhala chovuta ndi chodula.

Zambiri mwa zimenezi munthu angazichite yekha, koma zina zimafuna anthu a maudindo. Mafumu ndi ma BVC akhoza kuletsa kutaya oyilo padoko ndi kumangitsa zisakasa. Mashehe ndi abusa akhoza kulankhula za mafuta oyeretsa khungu mopanda kunyoza aliyense. Alangizi a zaumoyo akhoza kudziwa nyumba iliyonse imene muli mwana wachialubino, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Chimwala, ndi kuonetsetsa kuti mafuta ake sakutha. Ndipo wopereka mankhwala pawindo akhoza kuwonjezera chiganizo chimodzi pa malangizo ake, chouza wodwala kuti aphimbe thupi masiku amene akumwa mankhwalawo. Chiganizo chimenecho sichifuna bajeti, ndipo chiyenera kuyamba kumveka m'zipatala zonse za boma lino.